Francisco Tito Yupanqui, Mmisiri Wosema

Pa gombe la nyanja ya Titicaca, m'dziko limene lero lichedwa Bolivia, pali mudzi dzina lace Copacabana. Kumeneko ndiko kwao kwa Francisco Tito Yupanqui, wa mbumba ya mafumu a Inca, amene anakhala moyo pa nthawi imene Aspanya analikulamulira dzikolo.

Munthuyu anafunitsitsa kuti m'chalichi ca kwao mukhale cifanizo ca Maria Virigo. Coyamba anaciumba ndi dongo, koma popeza manja ace anali osaphunzira, cinaturuka cosaoneka bwino, ndipo wansembe anacicotsa paguwa. Wina akadaleka pomwepo ndi manyazi. Koma iye ananyamuka ulendo wautali kunka ku Potosí, mudzi waukuru wa migodi ya siliva, nakakhala wophunzira wa mmisiri Diego Ortiz.

M'caka ca 1582 anayambanso nchitoyo. Thupi analisema ndi mtengo wa maguey, wopepuka ndithu, wa mtundu umodzi ndi khonje wathu. Pamwamba pace anazira njereza yosalala, ndipo atafika naco ku La Paz anacikuta ndi golidi wopyapyala. Nkhope anaipatsa maonekedwe a akazi a mtundu wace. Ngakhale pamenepo analipo omseka, poyesa kuti mwini dziko sangathe kusema zinthu zoyera.

Cifanizoco cinalowa m'chalichi ca Copacabana pa 2 Februwale 1583, ndipo anthu anayamba kudza kucokera kutali kudzapemphera. Francisco anamwalira m'caka ca 1616. Cifanizo cace cikali komweko. Pa mdipiti Akristu anyamula cina cofanana naco.