Georg Cantor, Mwini Chiphunzitso cha Maseti

Aliyense wa ife amene anakhalapo ku Limphasa m'nyengo yokonza minda ya mpunga akudziŵa zimene zimachitika pakhomo m'mamaŵa. Agogo amene sanapondeko m'kalasi amatulutsa makasu, napatsa aliyense wopita ku dambo khasu lake. Likatsala khasu, iwo adziŵa kuti makasu achuluka. Akatsala munthu chimanjamanja, adziŵa kuti makasu apereŵera. Kukapanda kutsala kanthu mbali zonse ziŵiri, ndiye kuti anthu ndi makasu alingana. Agogowo sanaŵerenge ndi kamodzi komwe, komabe yankho lao n'losakayikitsa. Tayamba ndi makasu chifukwa munthu amene tifuna kusimba za moyo wake anatenga nzeru yomweyi, yopatsa chinthu chilichonse chinzake, naigwiritsa ntchito pa zinthu zopanda malire. Phunziro la maseti limene timaphunzitsa ku sekondale linamera pamenepo.

Georg Cantor anabadwa pa 3 Marichi 1845 mumzinda wa St Petersburg ku Russia. Bambo ake anali munthu wamalonda wochita bwino, ndipo mai ake anachokera ku banja la oimba, kotero kuti mwanayo anakula ali katswiri woliza vayolini. M'chaka cha 1856 banja lonse linasamukira ku Germany pothaŵa chisanu chimene chinkadwalitsa bambowo. Iwo ankafuna kuti mwana wao adzakhale injiniya, ntchito yodyetsa banja, ndipo mnyamatayo anachita kupempha chilolezo kuti aphunzire masamu. Analoledwa mu 1862, nayamba maphunziro ku Zürich. Bambo ake atamwalira mu 1863 anapita ku yunivesite ya Berlin, kumene anaphunzitsidwa ndi akatswiri atatu otchuka, Weierstrass, Kummer ndi Kronecker. Dzina lotsirizali tilisunge, pakuti tidzakumana nalonso. Analandira digiri ya udokotala mu 1867, naphunzitsako kanthaŵi kochepa pa sukulu ya atsikana mumzinda womwewo. Ifetu aphunzitsi mfundo imeneyi imatikomera, kuti nayenso anagwirapo choko pamaso pa ana. Mu 1869 anapeza malo pa yunivesite ya Halle, ndipo sanachokenso kumeneko moyo wake wonse, ngakhale mtima wake unali ku Berlin.

Sanapite ku Halle ndi cholinga choyambitsa phunziro latsopano. Mkulu mnzake, Eduard Heine, anampatsa funso lovuta lokhudza mndandanda wa masamu osonkhanitsa mafunde osatha, ndipo Cantor analiyankha mu 1870. Popitiriza ntchitoyo anaona kuti yankho lake limagwirabe ngakhale patakhala timadontho tina pa mzere timene sitimvera lamulo. Tsono anayenera kufunsa kuti timadontho totere tingachuluke kufika pati, ndipo tingaundane motani. Kuyambira apo analeka kuyang'ana kadontho kamodzikamodzi, nayamba kuyang'ana gulu lonse ngati chinthu chimodzi. Patapita zaka zambiri anafotokoza seti monga kusonkhanitsa pamodzi zinthu zodziŵika bwino ndi zosiyanitsika, zooneka ndi maso kapena za m'maganizo, kuti zikhale chinthu chimodzi. Mau akuti zodziŵika bwino ali ndi ntchito m'kalasi. Ana obadwira ku Usisya ndi seti, chifukwa mwana aliyense tingamuike m'kati kapena kunja popanda mkangano. Ana okongola si seti, pakuti m'kalasi mungabuke mlandu umene sungathe kufikira belu litalira.

Tsopano tibwerere ku makasu aja. Cantor anati maseti aŵiri ndi olingana kukula ngati membala aliyense wa seti ina angapatsidwe mnzake mmodzi yekha m'seti inayo, osatsala aliyense. Pa anthu khumi ndi makasu khumi palibe chodabwitsa. Koma tiyeni tilembe pa bolodi nambala zoŵerengera, 1, 2, 3, 4, kumka mtsogolo, ndipo pansi pa iliyonse tilembe nambala yoposa kaŵiri, 2, 4, 6, 8. Nambala iliyonse yapamwamba ili ndi inzake pansi, ndipo palibe yotsala. Komatu nambala zapansizo ndi gawo chabe la zapamwamba, popeza 1, 3, 5 ndi zinzake mulibe. Gawo lalingana ndi chinthu chathunthu! Galileo anaona chodabwitsa chonga chimenechi mu 1638, ndipo anangoti kuyerekeza kukula sikugwira ntchito pa zinthu zopanda malire. Cantor sanabwerere m'mbuyo. Iye anavomera kuti maseti opanda malire ndimo akhalira, naona kuti ngakhale mafulakishoni onse, amene amaoneka ochuluka ngati usipa pathandala, angathe kundandalikidwa mmodzi pambuyo pa mnzake ndi kupatsidwa nambala zoŵerengera.

Munthu akafika apa angaganize kuti zinthu zonse zopanda malire n'zolingana. Cantor anafunsa funso limeneli m'kalata kwa bwenzi lake Richard Dedekind, amene anadziŵana naye ku Switzerland mu 1872, ndipo pa 7 Disembala 1873 anamlemberanso kuti wapeza yankho. Nambala zonse za pa mzere, kuphatikizapo zija zosatheka kulembedwa ngati fulakishoni, sizingandandalikidwe. N'zochuluka kuposa nambala zoŵerengera, ngakhale magulu onse aŵiri alibe malire. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1874, kutatsala chaka chimodzi kuti sitima ya Ilala yoyamba ija iloŵe m'nyanja yathu. M'chaka chomwecho anakwatira Vally Guttmann, amene anabala naye ana asanu ndi mmodzi, ndipo mu 1879 anakhala pulofesa wathunthu ali ndi zaka 34.

Umboni wake woyamba ndi wovutirapo, koma mu 1891 anapereka njira ina yofeŵa, imene ife tikhulupirira kuti mwana wa Fomu 3 angaitsate. Monga momwe imafotokozedwera masiku ano, tiyerekeze kuti wophunzira wina wadzitama kuti walemba mndandanda wa madesimo onse a pakati pa 0 ndi 1. Yoyamba ndi 0.4172..., yachiŵiri 0.8350..., yachitatu 0.2969..., motero osaleka. Ife titenge nambala yoyamba ya desimo yoyamba, imene ili 4, tiisinthe ikhale 5. Titenge yachiŵiri ya desimo yachiŵiri, 3, ikhale 4. Yachitatu ya desimo yachitatu, 6, ikhale 7. Tikapitiriza chotero, tikumapeŵa kulemba 0 kapena 9 posinthapo, tipanga desimo yatsopano yoyamba ndi 0.547... Imeneyi isiyana ndi yoyamba pa malo oyamba, isiyana ndi yachiŵiri pa malo achiŵiri, ndipo isiyana ndi iliyonse pa malo ena ake. M'mndandanda muja mulibe. Wophunzirayo akati aiike pamwamba, ife tichitanso chimodzimodzi ndi kupeza ina yotsala. Apa ndiye kuti makasu apereŵera, ndipo adzapereŵerabe chilichonse chimene agogo angachite.

Mu 1877 anapeza china chimene iye mwini anavutika kuchikhulupirira, chakuti timadontho ta pa kamzere kakafupi n'tolingana kuchuluka ndi timadontho ta m'sikweya yonse. Nkhaniyo inachedwa kutuluka m'magazini ya masamu ya Crelle ku Berlin, ndipo Cantor anakayikira mphunzitsi wake wakale, Leopold Kronecker, kuti ndiye akuitsekereza. Inatuluka mu 1878, koma iye sanatumizenso kanthu ku magaziniyo. Tisamuyese Kronecker munthu wanjiru chabe. Anali katswiri weniweni, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti masamu oona ndi okhawo omangidwa pa nambala zathunthu m'masitepe okhala ndi mapeto. Kwa iye, kusonkhanitsa zinthu zosatha ndi kuzitcha chinthu chimodzi kunali kuseŵera ndi mau. Vuto linali lakuti Kronecker anali ndi mphamvu ku Berlin, kumene Cantor ankalakalaka kupita.

Mu 1884 Cantor anadwala koyamba matenda a maganizo, aja ofooketsa mtima ndi kuchotsa chilakolako cha ntchito. Mabuku ena akale amati Kronecker ndiye anamdwalitsa. Olemba mbiri a masiku ano saivomera nkhani imeneyi, ndipo ambiri amaganiza kuti anali matenda obwerabwera amene akanamgwira ngakhale pakanapanda mkangano. Ifenso tichenjere nayo, kuopa kuti ana angatuluke m'kalasi akuti masamu amapengetsa. Chimene chinkamsautsa kwambiri pa ntchito chinali funso limodzi: kodi pakati pa kuchuluka kwa nambala zoŵerengera ndi kuchuluka kwa timadontho ta pa mzere pali kuchuluka kwina? Iye ankakhulupirira kuti palibe, koma umboni unkamuthaŵa. Nthaŵi zina ankaganiza kuti waupeza, maŵa lake n'kuona cholakwa. Pa zaka zimenezo anatembenukiranso ku zinthu zina. Pokhala munthu wopembedza, ankalemberana makalata ndi akatswiri a zaumulungu za tanthauzo la kupanda malire, ndipo anataya nthaŵi yambiri poyesa kutsimikiza kuti maseŵero a Shakespeare analemba ndi Francis Bacon, nkhani imene sinamthandize kanthu.

Komabe sanali munthu wongodzitsekera m'nyumba. Anathandiza kukhazikitsa bungwe la akatswiri a masamu a ku Germany mu 1890, nasankhidwa kukhala mtsogoleri wake woyamba mu 1891, ndipo anaitana Kronecker yemweyo kuti adzalankhule pa msonkhano wa ku Halle, ngakhale kuti sanathe kufika. Mu 1895 ndi 1897 anasindikiza nkhani ziŵiri zazikulu zomanga pamodzi chiphunzitso chonse, mmene anagwiritsa ntchito chilembo choyamba cha Chihebri, alefu, poimira kuchuluka kopanda malire. Achinyamata anayamba kumumva. Mu 1900 David Hilbert, pondandalika ku Paris mafunso aakulu oyembekeza mayankho, anaika funso la Cantor lija patsogolo pa onse. Kunabukanso mavuto enieni. Bertrand Russell anaonetsa mu 1901 kuti kulola chilichonse kutchedwa seti kumabala zotsutsana, ndipo Ernst Zermelo anaika malamulo oyendetsera maseti mu 1908 kuti nyumbayo isagwe.

Tinenepo chinthu chimodzi chimene ambiri a ife timasokoneza. Zozungulira zoloŵerana zimene timajambula pa bolodi si za Cantor. Anazifalitsa ndi John Venn wa ku Cambridge mu 1880, pophunzitsa luso la kulingalira. Zizindikiro za ∪ ndi ∩ zinachokera kwa Giuseppe Peano wa ku Italy mu 1888, ndipo chija cha seti yopanda kanthu, ∅, chinayamba mu 1939 m'mabuku a gulu la ku France lotchedwa Bourbaki. Zonsezi zinaloŵa m'sukulu m'zaka za m'ma 1960, pamene School Mathematics Project inayamba ku England mu 1961 ndipo misonkhano yolemba mabuku a masamu atsopano a mu Africa inayamba ku Entebbe mu 1962. Chimene chinafika kwa ana athu kaŵirikaŵiri ndi zizindikiro ndi zozungulira, nzeru ija ya makasu itatsala m'njira. N'chifukwa chake mwana amajambula chithunzi chooneka bwino koma n'kulephera funso lapafupi. Tiyerekeze kalasi la ana 40 ku Mpamba, mmene 25 akuchokera ku mabanja olima mpunga ndipo 22 ku mabanja a asodzi. Mwana aphatikiza napeza 47, nadabwa kuti aposa kalasi lonse. Tisafulumire kumpatsa lamulo loloŵeza. Tiimike olima mpunga mbali ina, asodzi mbali ina, ndipo ana 12 amene kwao amachita zonse ziŵiri adzasoŵa poima. Amenewo ndiwo intersection, ndipo anaŵerengedwa kaŵiri. Tikawachotsa kamodzi titsala ndi 35, amene ndiwo union, ndipo 5 otsala pamipando ndiwo ali kunja kwa maseti onse aŵiri. Chithunzi cha Venn chibwere pambuyo, ana ataona kale kuti mwana aliyense ayenera kupatsidwa malo amodzi okha, monga khasu limodzi kwa munthu mmodzi.

Zaka zotsiriza za Cantor zinali zoŵaŵa. Mu Disembala 1899 mwana wake wamng'ono, Rudolf, anamwalira mwadzidzidzi, ndipo kuyambira pamenepo iye ankangoloŵa ndi kutuluka m'chipatala. Ulemu unadza mochedwa. Bungwe la Royal Society la ku London linampatsa mendulo ya Sylvester mu 1904, ndipo yunivesite ya St Andrews ku Scotland inampatsa digiri yaulemu mu 1912, koma matenda anamletsa kukailandira yekha. Anapuma pa ntchito mu 1913. Nkhondo yaikulu itayamba, chakudya chinasoŵa m'Germany, ndipo nkhalambayo inaonda ndi njala pamodzi ndi anthu ena onse. Mu 1917 analoŵa m'chipatala cha ku Halle komaliza, kumene ankalembera mkazi wake kaŵirikaŵiri kupempha kuti amtengere kunyumba. Anamwalira komweko pa 6 Januwale 1918, ali ndi zaka 72.

Funso lija linamka nalo kumanda losayankhidwa. Kurt Gödel anaonetsa mu 1938 kuti malamulo ovomerezeka a maseti sangatsutse ganizo la Cantor, ndipo Paul Cohen wa ku America anaonetsa mu 1963 kuti malamulo omwewo sangalitsimikizenso. Panali patapita zaka 45 chimwalirire mwini funsolo.