Paul Chater

Sir Catchick Paul Chater (8 Seputembala 1846 – 27 Meyi 1926) anali munthu wamalonda amene anabadwira ku India m'banja la anthu a mtundu wa ku Armenia, koma anakhala zaka 62 ku Hong Kong, dera lomwe pa nthawiyo linkalamulidwa ndi dziko la Britain. Amadziwika kwambiri chifukwa chotsogolera ntchito yokwirira mbali ina ya doko la Victoria Harbour kuti papezeke malo omangapo. Anakhazikitsanso nawo makampani a malo, magetsi ndi katundu wa padoko omwe alipo mpaka lero. Chater anamwalira mumzindamo musanamangidwe nyumba zitalizitali, koma zina mwa nyumba zosanjikizana za m'dera la Central zili pa nthaka imene inapezeka chifukwa cha iye.

Ubwana ndi maphunziro

Chater anabadwira mumzinda wa Calcutta, womwe masiku ano umatchedwa Kolkata, m'banja la ana 13. Makolo ake onse awiri anamwalira iye asanakwanitse zaka 10. Monga mwana wamasiye, anapeza mwayi wophunzira mothandizidwa pa sukulu ya La Martiniere mumzinda womwewo. Mu 1864, ali ndi zaka pafupifupi 18, anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Hong Kong, komwe anakafikira kwa mlongo wake amene anali pabanja kumeneko.

Chiyambi cha malonda

Ntchito yake yoyamba inali ya ukalaliki ku Bank of Hindustan, China and Japan. Patapita zaka zochepa anasiya ntchitoyo n'kuyamba malonda osinthanitsa ndalama ndi golide, mothandizidwa ndi banja la Sassoon, amalonda olemera achiyuda ochokera ku Baghdad. Kenako anagwirizana ndi Hormusjee Mody, wamalonda wochokera ku Bombay, ndipo kampani yawo inkatchedwa Chater and Mody.

Mu 1886 Chater anakhazikitsa nawo kampani ya Hongkong and Kowloon Wharf and Godown, yomwe inamanga malo okocheza sitima ndi nyumba zosungiramo katundu ku Tsim Sha Tsui, kutsidya kwa doko. M'chaka chomwecho anathandiza dokotala Patrick Manson kuyambitsa kampani ya mkaka ya Dairy Farm.

Vuto la malo

Kumpoto kwa chilumba cha Hong Kong mapiri amayambira pafupi kwambiri ndi nyanja. Mzinda woyamba unamangidwa pa kamzere kopapatiza pakati pa madzi ndi phiri la Victoria Peak, ndipo anthu atachuluka malo athyathyathya anatha. M'zaka za m'ma 1850 bwanamkubwa John Bowring anayesa kukwirira gombe, koma amalonda omwe anali ndi malo m'mbali mwa madzi anakana. Iwo ankaopa kuti nyumba zawo zosungiramo katundu zidzatsala kutali ndi nyanja.

Mu 1887 Chater anabweretsa njira ina. Mwini malo aliyense wa m'mbali mwa nyanja anayenera kulipira yekha mtengo wokwirira madzi a kutsogolo kwa malo ake. Akatero, boma linkamupatsa nthaka yatsopanoyo kuti aibwereke kwa zaka zambiri, n'kumalipira lendi chaka ndi chaka. Mwa njira imeneyi boma linapeza misewu ndi lendi popanda kuwononga ndalama zochuluka, ndipo eni malo omwe kale ankatsutsa anaona phindu lawo. Lamulo lovomereza ntchitoyi linakhazikitsidwa mu 1889, pa nthawi ya bwanamkubwa William Des Voeux.

Ntchito yokwirira doko

Ntchitoyi inkatchedwa Praya Reclamation Scheme. Dzina lakuti Praya likuchokera ku mawu a Chipwitikizi otanthauza gombe. Inayamba mu 1890 n'kutha mu 1904. Ogwira ntchito ankamanga khoma la miyala m'madzi, kenako n'kuthira dothi ndi miyala kumbuyo kwake. Malo atsopanowo anali pafupifupi maekala 60, otalika makilomita pafupifupi atatu motsata gombe. Msewu wakale wa m'mbali mwa nyanja unasanduka Des Voeux Road, ndipo gombe latsopano linatchedwa Connaught Road.

Mu 1889 momwemo Chater ndi James Johnstone Keswick wa kampani ya Jardine Matheson anakhazikitsa kampani ya Hongkong Land, yomwe inatenga malo ofunika pa nthaka yatsopanoyo n'kumangapo maofesi. Chater anali m'gulu la omwe anayambitsa kampani ya magetsi ya Hongkong Electric, imene inayatsa magetsi oyamba a m'misewu pa 1 Disembala 1890.

Ntchitoyi inamulemeretsa kwambiri, chifukwa iye mwini anali ndi malo m'mbali mwa nyanja, komanso pa nthawi yomweyo ankakhala m'bungwe lopanga malamulo. Malo abwino kwambiri a ku Central anapita ku mabanki, maofesi ndi mahotela, pomwe Atchaina osauka anapitiriza kukhala mothithikana. Mu 1894, ntchito ili mkati, mliri wofalitsidwa ndi makoswe unapha anthu oposa 2,000, makamaka m'dera lodzaza anthu la Tai Ping Shan.

Ndale ndi moyo wake

Chater analowa m'bungwe lopanga malamulo mu 1887. Mu 1896 anasankhidwa kukhala m'bungwe lolangiza bwanamkubwa, ndipo anakhalamo mpaka imfa yake. Anali mmodzi wa omwe ankakakamiza boma la Britain kuti litenge malo ena kumpoto kwa Kowloon. Malowo, otchedwa New Territories, anabwerekedwa kwa dziko la China mu 1898 kwa zaka 99. Mu 1902 Chater anapatsidwa ulemu wa Sir.

Ankakonda kwambiri mipikisano ya mahatchi ndipo anatsogolera bungwe la Hong Kong Jockey Club kwa zaka zoposa 30. Mu 1910 anakwatira Maria Christine Pearson wochokera ku Sweden, koma sanakhale ndi ana. Anapereka ndalama zomangira tchalitchi cha St Andrew's ku Kowloon, ndipo atakalamba anapulumutsa sukulu yake yakale ya La Martiniere ndi mphatso yaikulu ya ndalama pamene inali pa mavuto azachuma.

Imfa ndi zomwe anasiya

Chater anamwalira ali ndi zaka 79 ndipo anaikidwa m'manda a ku Happy Valley. Chuma chake chambiri anachisiyira mpingo wa anthu a ku Armenia ku Calcutta. Nyumba yake ya Marble Hall ndi zojambula zoposa 400 zoonetsa madoko a China anazisiyira Hong Kong. Zojambula zambiri zinasowa pamene asilikali a Japan analanda mzindawo kuyambira 1941 mpaka 1945, ndipo 94 zomwe zinapezeka zimasungidwa ku Hong Kong Museum of Art. Nyumbayo inapsa ndi moto mu 1946.

Nyumba zomwe zinamangidwa pa nthaka yatsopanoyo Chater ali moyo zinali za nsanjika zinayi kapena zisanu, zokhala ndi makhonde. Popeza malowo anali ochepa komanso okwera mtengo, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha eni ake anayamba kuzigwetsa n'kumanga zina zazitali. Hotela ya Mandarin inatsegulidwa mu 1963 pomwe panali Queen's Building. Mu 1973 Hongkong Land inamaliza Connaught Centre, yomwe pano ndi Jardine House, ya nsanjika 52, pa malo ena okwiriridwa pambuyo pake. Nyumba yaitali kwambiri mumzindawo, International Commerce Centre ya mamita 484, inamalizidwa mu 2010, nayonso pa nthaka yokwiriridwa ku West Kowloon. Kukwirira kotereku kunachepetsa doko, moti mu 1997 panakhazikitsidwa lamulo loliteteza.

Dzina lake limapezekabe pa msewu wa Chater Road, paki ya Chater Garden ndi nyumba ya Chater House ku Central, komanso pa msewu wa Catchick Street ku Kennedy Town.