Apapa Leo X ndi Njovu Yawo

Mwa Apapa onse amene anakhala pa mpando wa Petulo Woyera, alipo amodzi amene anaweta njovu pakhomo pawo ku Vatican. Dzina lawo ndi Leo X, ndipo anaweruza Eklezia kuyambira 1513 kufikira 1521. Ife amene timadziwa njovu ngati chilombo chothyola chimanga usiku tingadabwe kumva kuti munthu anaikonda ngati mwana wake. Koma zinachitikadi, ndipo mbiri ya njovuyo ndi yovuta kuilekanitsa ndi mbiri ya mwini wake.

Anabadwa pa 11 Disembala 1475 mu mzinda wa Florence ku Italy, nabatizidwa dzina la Giovanni. Bambo wake, Lorenzo de' Medici, anali mwini chuma chambiri ndiponso wolamulira mzindawo. Monga unalili mwambo wa mabanja akuluakulu a nthawi imeneyo, mwanayo anapatulidwira ntchito ya Eklezia asanadziwe n'komwe kusankha. Anametedwa tsitsi la atumiki a Eklezia ali ndi zaka 7, ndipo mu 1489, ali ndi zaka 13 zokha, Apapa Innocent VIII anamtchula Kadinala, koma anamuuza kuti asavale zizindikiro za udindowo kufikira zitapita zaka zitatu. Zaka zimenezo anazithera ku Pisa akuphunzira malamulo a Eklezia. Lero zotere sizingachitike, koma masiku amenewo mafumu ankapempha maudindo a Eklezia ngati mmene munthu apemphera munda wa mwana wake.

Popita ku Roma mu 1492, bambo wake anamlembera kalata yomlangiza kuti azidzuka m'mamawa, azidya zakudya wamba ndi kupewa moyo wodzionetsera. Chaka chomwecho bamboyo anamwalira. Mu 1494 anthu a ku Florence anapirikitsa banja lonse la Medici, ndipo Kadinala wachinyamatayo anakhala zaka 18 kunja kwa mzinda wa kwawo. Mu 1512 anagwidwa ndi asilikali a ku France pa nkhondo ya ku Ravenna, koma anapulumuka, ndipo chaka chomwecho banja lake linabwerera ku Florence. Atamwalira Apapa Julius II, Makadinala anamsankha mu Marichi 1513. Anali ndi zaka 37, ndipo anali asanadzozedwe unsembe. Tsono anaulandira pa 15 Marichi, nadzozedwa uepiskopi patapita masiku awiri.

Anthu a ku Roma anakondwera, pakuti Apapa amene anapitawo anali munthu wankhondo, pamene atsopanowa anali ofatsa, okonda nyimbo, mabuku ndi zojambula, ndiponso odziwa kupatsa. Ankamva Misa ndi kusunga masiku osala mokhulupirika, ndipo osauka sankachoka pakhomo pawo chimanjamanja. Anakuza sukulu yaukachenjede ya ku Roma, nalimbikitsa maphunziro a Chigriki. Koma dzanja lomwelo lopatsa silinkadziwa kufumbata.

Masiku amenewo zombo za Apwitikizi zinali zitapeza njira yopita ku India mozungulira Africa. Mfumu yawo, Manuel I, inafuna kuti Apapa avomereze ulamuliro wake pa maiko amene inafikako, ndipo inatumiza akazembe ku Roma motsogozedwa ndi Tristão da Cunha. Anatenga mphatso zambiri: zovala za Misa zokongoletsedwa ndi miyala yamtengo wapatali, anyalugwe, zinkhwe, kavalo wa ku Persia, ndi mwana wa njovu wa zaka ngati zinayi wochokera ku India. Njovu za ku India zili ndi makutu ang'ono ndi msinkhu wocheperapo poyerekeza ndi zathu, ndipo anthu a kumeneko akhala akuziphunzitsa ntchito kuyambira kalekale. Imeneyi inali ya khungu loyererako. Aitaliyana anaitcha Annone, ndipo m'mabuku ambiri imatchedwa Hanno.

Ulendo wake unali wowawa. Inaoloka nyanja kuchokera ku India kufika ku Lisbon, kenaka inakweranso chombo kunka ku Italy, ndipo kuchokera kugombe inayenda pansi mpaka ku Roma. Mapazi ake anapweteka pa misewu youma, ndipo makamu a anthu ankaitsata usana ndi usiku, ena kukwera pa madenga, kotero kuti inkasowa ndi popumira pomwe. Roma anali asanaone njovu kwa zaka mazana ambiri.

Inalowa mu mzinda mu Marichi 1514, itasenza kanyumba kasiliva pamsana, Mmwenye woisamala atakwera pakhosi. Apapa ankaonerera ali pa linga la Castel Sant'Angelo. Itafika patsogolo pawo inagwada ndi kuweramitsa mutu, kenaka inatunga madzi ndi chitamba chake n'kuwaza khamu lonse, ndi akuluakulu omwe. Apapa anaseka kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wawo unakhala pa nyamayo. Mfumu Manuel nayo inalandira zimene inkafuna, pakuti chaka chomwecho Apapa anatulutsa makalata otsimikiza maufulu a Portugal.

Poyamba njovuyo inasungidwa m'bwalo la Belvedere, kenaka anaimangira nyumba yakeyake pafupi ndi tchalitchi cha Petulo Woyera. Woyang'anira wake anali Giovanni Battista Branconio, mmodzi wa anthu apamtima a Apapa, ndipo Apapa eni ake ankapita kukaiona kawirikawiri. Inkatulutsidwa pa zikondwerero. Tsiku lina mu 1514 anakweza pamsana pake mkulu wina dzina lake Baraballo, wodziyesa katswiri wa ndakatulo, kuti amseke pomuyendetsa mu mzinda ngati mfumu. Phokoso la ng'oma ndi malipenga linaopsa njovuyo, ndipo pa mlatho wa Sant'Angelo inakana kupitirira, nimgwetsa pansi. Masewera otere sanayenere nkhalambayo, sanayenere nyamayo, ndipo sanayenerenso nyumba ya Apapa.

Panali chinthu chimodzi chimene chuma cha Medici sichikanagula. Njovu ndi nyama ya m'gulu. Mwana wake amakula pakati pa amake ndi anzake kwa zaka zambiri. Yaikulu imadya masamba, udzu ndi makungwa opitirira makilogalamu 100 pa tsiku, imayenda mitunda italiitali, ndipo imafuna madzi ndi matope osambamo. Hanno anali yekha, m'nyumba ya miyala, m'dziko la chisanu, pakati pa anthu omukonda koma osadziwa zosowa za thupi lake. Mu 1516 anadwala, akupuma movutika ndiponso atadzimbidwa. Apapa anaitana madokotala awo, ndipo iwo anachita monga akanachitira kwa munthu wolemera: anampatsa mankhwala otsegula m'mimba osakaniza ndi golide wambiri. Pa 8 Juni 1516 njovuyo inafa, ili ndi zaka 6 kapena 7 chabe, chonsecho njovu imatha kufika zaka 60. Apapa analira kwambiri. Analemba okha mawu a chikumbutso chake, nalamula mmisiri wotchuka Raphael kuti aijambule pa khoma pafupi ndi chipata cha Vatican. Chithunzicho chinawonongeka pambuyo pake.

Chaka chomwecho mphatso ina inatayika m'njira. Mfumu Manuel inali italandira chipembere cha ku India, chimene chombo chake chinaima ku Mozambique popita ku Lisbon mu 1515. Mfumuyo inachitumiza kwa Apapa, koma chombo chinasweka ndi namondwe pafupi ndi La Spezia, ndipo nyamayo, pokhala yomangidwa ndi unyolo, inamira. Ndicho chipembere chimene Albrecht Dürer anajambula osachiona ndi maso.

Pamene zonsezi zinkachitika, nkhokwe ya Eklezia inkaphwa. Chuma chimene Julius II anasiya chinatha m'zaka zochepa. Maphwando, ulenje wa ku Magliana, nkhondo ya ku Urbino yofuna kukhazika Lorenzo, mwana wa mbale wawo, pa ufumu, ndi ntchito yomanga tchalitchi chatsopano cha Petulo Woyera, zonsezi zinafuna ndalama. Apapa anakongola kwa eni mabanki ndi kugulitsa maudindo. Analolanso kuti ku Germany kulalikidwe indulgensia ya othandiza ntchito yomangayo, ndipo gawo la ndalamazo linkapita kukabweza ngongole za Albrecht, Arkiepiskopi wa ku Mainz. Inu akatekisiti mudziwa kuti indulgensia ndi chikhululukiro cha chilango chotsalira cha machimo okhululukidwa kale, ndi kuti siigulidwa; koma alaliki ena, monga Johann Tetzel, anailalikira ngati malonda a pamsika.

Msonkhano waukulu wachisanu wa ku Laterano, umene ukanakonza zolakwika zotere, unatsekedwa mu Marichi 1517 utalemba malamulo abwino amene sanatsatidwe kwenikweni. Itangopita miyezi 7, Martin Luther anatulutsa mfundo zake 95. Apapa anachedwa kuona kukula kwa motowo, pakuti maso awo anali pa ndale za mafumu. Mu Juni 1520 anatsutsa ziphunzitso za Luther, ndipo pa 3 Januwale 1521 anamchotsa mu Eklezia. Kugawikana kumene kunayamba pamenepo tikukuonabe m'midzi mwathu. Kunena kuti mlandu wonse ndi wa Leo X kungakhale kunama, pakuti matendawo anayamba iwo asanabadwe. Koma mbusa amene anathamangira kuitana madokotala pa kudwala kwa njovu akanayenera kuthamanga koposa pamenepa.

Ife a mu Africa tili ndi chifukwa china chowakumbukira. Mu 1518 Apapa omwewa anavomera kuti Henrique, mwana wa Mfumu Afonso I ya ku Kongo, akhale Episkopi. Iye ndiye woyamba wodziwika wa ku chigawo chapakati cha Africa kulandira udindowo.

Kumapeto kwa Novembala 1521 anadwala malungo ali ku Magliana, nabwerera ku Roma, ndipo anamwalira pa 1 Disembala ali ndi zaka 45, atasiya ngongole zazikulu. Manda awo ali m'tchalitchi cha Santa Maria sopra Minerva. Mu 1962 anthu antchito amene ankakumba pansi pa bwalo la Belvedere anapeza mafupa ndi dzino lalikulu, ndipo patapita zaka wolemba mbiri Silvio Bedini anaonetsa kuti anali a Hanno.