Charles Goodyear, Munthu Amene Anaphika Mpira

Magalimoto amene asenza fodya kunka naye ku Chinkhoma ayenda pa matayala a mpira. Mpirawo uchokera ku utomoni woyera ngati mkaka, umene utuluka m'mitengo ina akaicheka khungwa. Mitengo yotere ilipo ku Vizara, kufupi ndi Nkhata Bay. Koma kale mpira unali chinthu chosautsa ndithu. M'nyengo yotentha unkasungunuka, numata ngati ulimbo, nununkha; m'nyengo yozizira unkauma gwa, nusweka.

Amene anachiritsa nthenda iyi ya mpira ndiye Charles Goodyear. Iye anabadwa ku New Haven, m'dziko la America, chaka cha 1800. Poyamba anagulitsa zitsulo ku Philadelphia, koma malondawo anagwa, ndipo anaponyedwa m'ndende kangapo chifukwa cha mangawa. Kuyambira 1834 mtima wake unali pa mpira pokha. Sanaphunzire za mankhwala kusukulu ayi, anangoyesayesa. Anasakaniza mpira ndi laimu, naona kuti sizithandiza. Anayesanso mankhwala ena aukali, nadwala nawo koopsa. Katundu wa m'nyumba anatha ndi kupinyolitsa, ndipo mkazi wake Clarissa ndi ana anagona ndi njala masiku ambiri.

Tsono m'chaka cha 1839, ku Woburn, mpira wosakaniza ndi sulufule unakhudza mbaula yotentha. Sunasungunuke, koma unalimba ngati chikopa. Ena ayesa ichi mwayi chabe. Komatu munthu wosadziwa chimene afuna akadangotaya chigamba chopsereracho. Ndipo ntchito sinathere pomwepo. Wowotcha fodya m'balani adziwa kuti moto ukachepa tsamba liola, ukachuluka lipserera. Momwemonso Goodyear anafunafuna muyeso wa moto ndi wa sulufule zaka zina zisanu, kufikira mu 1844, pamene boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti luso ili ndi lake.

Chuma sanachipeze. Ku England Thomas Hancock anamtsogolera kutenga kalata yotere, ndipo ena ambiri anaba luso lake, iye nataya ndalama pa milandu. Anamwalira ku New York mu 1860, galimoto asanayambe kuyenda m'misewu, nasiya mangawa okwana ngati madola 200,000. Kampani ya matayala yotchedwa Goodyear anaiyambitsa ndi Frank Seiberling ku Akron mu 1898, munthu amene sanali mbale wake konse.