Thomas Crean, Katswiri wa Mpira ndi Dotolo wa Asilikali

Mpira wa rugby usiyana ndi mpira wa miyendo umene ana amenya pa mabwalo a sukulu za ku Rufunsa ndi ku Mpanshya. Mpirawo uli ngati dzira, ndipo osewera aunyamula m'manja. Mbali iliyonse ikhala ndi anthu 15. Ena mwa iwo atchedwa akutsogolo, ndipo ntchito yawo ndiyo kuwerama, kugwirana mapewa ndi kukankhana ndi a mbali inayo kuti mpira utulukire kwa anzawo aliwiro. Thomas Crean wa ku Ireland anali mmodzi wa akutsogolo otere.

Iye anabadwira ku Dublin pa 19 April 1873. Anaphunzira kwa ansembe a Chijezuiti ku Belvedere ndi ku Clongowes, ndipo pambuyo pake anaphunzira udotolo. Anasewerera dziko lake masewera 9 kuyambira 1894 kufikira 1896. M'chaka cha 1894 a ku Ireland anagonjetsa England, Scotland ndi Wales, onse atatu m'chaka chimodzi, chinthu chimene anali asanachitepo ndi kale lonse.

M'chaka cha 1896 Crean anapita ku South Africa m'gulu losankhidwa la Britain ndi Ireland. Pa masewera 21 anapambana 19, nalingana mphamvu kamodzi, nagonja kamodzi kokha. Mtsogoleri wawo, Johnny Hammond, akalephera kusewera, Crean ndiye anali kutsogolera. Anzake atabwerera kwawo, iye anatsala ku Johannesburg, nagwira ntchito ya udotolo.

Nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itabuka mu 1899, analowa usilikali. Pa 18 December 1901, ku Tygerkloof, anali kumanga mabala a asilikali ovulala pamene adani anali kuwombera ali pa mtunda wa mayadi 150 okha. Chipolopolo chinamlasa, koma iye anapitiriza ntchito yake. Analeka pokhapokha atalasidwa kachiwiri, ndipo anzake anayesa kuti safika mawa. Koma anachira, ndipo mu 1902 Mfumu Edward VII inampatsa Victoria Cross, nyota yoposa zonse ya kulimba mtima. Robert Johnston, mnzake wa pa ulendo wa 1896, analandiranso nyota yomweyo pa nkhondoyo.

Crean anatumikiranso ovulala pa nkhondo yaikulu ya 1914. Pobwerera ku London thupi lake linali litafooka. Ntchito inalowa pansi, chuma chinatha, ndipo matenda a shuga anamtenga pa 25 March 1923 ali ndi zaka 49.

M'sukulu iliyonse muli mnyamata wamphamvu woposa anzake, amene ana aang'ono amuopa. Mphunzitsi amuuze mbiri ya munthu uyu, amene pa bwalo anakankhira anzake mpira, ndipo pa nkhondo anakhalabe pambali pa ovulala iye mwini akukha mwazi.