Elie Metchnikoff, Munthu Amene Anatulukira Ntchito ya Asilikali a M'thupi

Palibe mphunzitsi kapena wantchito wa boma m'dziko muno amene sanamvepo mawu akuti asilikali a m'thupi. Mawuwa amveka ku chipatala cha Chikweo, m'masukulu a ku Machinga ndi ku Balaka, ndiponso pa wailesi, makamaka chiyambire 1985 pamene matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi. Koma ndi owerengeka amene adziwa dzina la munthu amene anayamba kufotokoza ntchito ya asilikaliwo. Munthuyo anali Elie Metchnikoff, ndipo mbiri yake ili ndi phindu kwa iwo amene aganiza kuti mabuku a nthano ndi ndakatulo alibe gawo pa maphunziro a sayansi, pakuti funso limene iye analimbana nalo moyo wake wonse, funso la matenda, ukalamba ndi imfa, analigawana ndi alembi a mabuku otere.

Ubwana wake

Metchnikoff anabadwa pa 15 May 1845 m'mudzi wa Ivanovka, pafupi ndi mzinda wa Kharkov, m'dziko limene lero litchedwa Ukraine koma masiku amenewo linali m'manja mwa mfumu ya ku Russia. Ali mnyamata pa sukulu anawerenga buku la Mngelezi Henry Thomas Buckle, limene linaphunzitsa kuti mitundu ya anthu ipita patsogolo chifukwa cha kukula kwa nzeru, ndipo pambuyo pake anawerenga za Charles Darwin. Mabuku amenewa anamutsimikizira kuti ntchito yake idzakhala ya kufufuza zamoyo. Maphunziro a zaka zinayi pa yunivesite ya Kharkov anawatsiriza m'zaka ziwiri zokha, nanka ku Germany.

Kumeneko, mu mzinda wa Giessen m'chaka cha 1865, anaona chinthu chimene sanachiiwale. Thupi la chamoyo chilichonse limangidwa ndi maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Poyang'ana kanyongolotsi kena pa maikulosikopu, iye anaona maselo ake akumeza tizidutswa ta chakudya ndi kutigaya m'kati mwawo. Panthawiyo anaganiza kuti wangoona m'mene tinyama tating'ono tidyera.

Zaka za mdima

M'chaka cha 1869 anakwatira Ludmila Feodorovitch, amene anali kudwala kale chifuwa chachikulu, kotero kuti anam'nyamulira pa mpando popita ku tchalitchi. Mkaziyo anamwalira mu 1873 pa chilumba cha Madeira. Maso a Metchnikoff nawo anali kum'vuta, ndipo munthu wa ntchito ya maikulosikopu akataya maso wataya zonse. Anayesa kudzipha, koma anapulumuka. Mu 1875 anakwatira Olga Belokopytova, ndipo pamene ameneyu anadwala taifodi kwakayakaya mu 1880, mwamunayo anataya mtima kachiwiri.

Masiku amenewo ophunzira a ku Ulaya anali kukonda mabuku ophunzitsa kuti moyo ndi msampha wopanda chipulumutso. Zolemba za Schopenhauer ndi ndakatulo za Byron ndi Leopardi zinali m'manja mwa anyamata ambiri. Metchnikoff anazidziwa bwino, ndipo nayenso anafika pokhulupirira kuti thupi la munthu linapangika mosalongosoka, ndi kuti kubala ana ndi kuwaitanira masautso.

Chaka cha 1881 chinaonjezera chisoni. Mkulu wake, Ivan Ilyich Mechnikov, wantchito wa mabwalo a milandu mu mzinda wa Tula, anamwalira ali ndi zaka 45. Chaka chomwecho mfumu Alexander II inaphedwa, ndipo boma linayamba kupanikiza mayunivesite. Metchnikoff, amene anali mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Odessa, anatula pansi ntchito mu 1882, napita ndi banja lake ku Messina, pa chilumba cha Sicily, kukafufuza nyama za m'nyanja ndi ndalama za m'thumba mwake.

Munga wa duwa

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'nyanja ya mchere muli kanyama ka miyendo isanu kooneka ngati nyenyezi, ndipo tiana take tili mbee ngati galasi, kotero kuti zam'kati mwake zioneka tili tamoyo. Kumapeto kwa 1882, tsiku lina banja lake litapita kukaonera masewera, Metchnikoff anatsala yekha akuyang'ana maselo oyendayenda m'thupi la tianato. Tsono ganizo linam'fikira lakuti maselo amene adziwa kumeza chakudya angathenso kumeza mdani. Anatuluka panja, nathyola minga ya duwa la rozi, naibaya m'tianato. M'mawa mwake anapeza maselo oyendayenda aja atazinga minga mbali zonse.

Aliyense amene anabayidwapo ndi munga wa mthethe adziwa chimene chitsatira: malowo atupa, atentha, ndipo patuluka mafinya. Madotolo a nthawiyo anali atawaona kale maselo oyera a m'magazi m'mafinya, koma ambiri ankayesa kuti maselowo ndiwo anyamula tizilombo ndi kutifalitsa. Metchnikoff anatembenuza nkhaniyo. Iye anati kutupa ndi chizindikiro chakuti thupi lili pa nkhondo, ndipo mafinya ndi mitembo ya asilikali pamodzi ndi adani awo. Katswiri wa ku Vienna, Carl Claus, anam'thandiza kupeza dzina lakuti phagocyte, lochokera ku Chigiriki, kutanthauza selo lakudya. Mu 1884 Metchnikoff anaonetsa umboni wina pa kanyama ka m'madzi kotchedwa Daphnia: maselo ake akameza tizilombo tonse tolowa m'thupi, kanyamako kanachira, koma akalephera kanafa.

Mkangano wa akatswiri

Mu 1888 Louis Pasteur anam'landira ku Paris, ndipo anakhala pa Institut Pasteur kufikira imfa yake. Koma akatswiri a ku Germany, otsogozedwa ndi Robert Koch, sanagwirizane naye. Iwo anati mphamvu yoteteza thupi ili m'madzi a m'magazi, osati m'maselo. Umboni wawo sunali wochepa, pakuti mu 1890 Emil Behring ndi Shibasaburo Kitasato anaonetsa kuti madzi a m'magazi a nyama yotetezeka ku kafumbata angateteze nyama ina. Mkanganowu unatenga zaka pafupifupi 20, ndipo unakolezedwa ndi chidani cha pakati pa France ndi Germany chotsalira pa nkhondo ya 1870.

Potsiriza kunapezeka kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi choona. Mu 1903 Almroth Wright ku London anaonetsa kuti m'madzi a m'magazi muli zinthu zimene zipaka tizilombo kuti maselo akudya aja atimeze msanga. Nkhaniyi inatchuka kotero kuti George Bernard Shaw anaiika m'sewero lake la 1906 lotchedwa The Doctor's Dilemma. Mu 1908 mphoto ya Nobel inagawidwa pakati pa Metchnikoff ndi Paul Ehrlich wa ku Germany, mmodzi wa mbali iyi ndi wina wa mbali iyo.

Abwerera ku mabuku

Chimene anaona ku Messina chinasintha mtima wake. Munthu amene ankaona thupi ngati nyumba yopanda mlonda anapeza kuti alonda alimo, ndipo ngati alimo, nzeru za anthu zingathe kuwathandiza. Chotero anabwerera ku mabuku amene anam'detsa mtima pa unyamata, tsopano ngati wofufuza. M'buku lake la 1903 lonena za chibadwa cha munthu anasanthula alembi otaya mtima aja, ndipo m'buku la 1907 anapatula gawo lathunthu la Goethe, mlembi wamkulu wa ku Germany. Anaonetsa kuti Goethe ali ndi zaka 24 analemba Werther, nkhani ya mnyamata wodzipha, koma atapitirira zaka 80 anatsiriza Faust, m'mene munthu wokalamba apeza chimwemwe pa ntchito yopindulitsa anzake. Pamenepa Metchnikoff anaphunzitsa kuti kutaya mtima ndi nthenda ya unyamata, ndi kuti kukonda moyo kukula pamodzi ndi msinkhu. Motero wachinyamata wofuna imfa ayenera kuthandizidwa kupirira kufikira nyengoyo ipite. Iye mwini anali mboni ya zimenezi.

Panalinso mlembi wina amene sakanatha kum'lambalala. Mu 1886 Leo Tolstoy anatulutsa The Death of Ivan Ilyich, nkhani ya woweruza milandu amene adwala, nasiyidwa yekha pakati pa madotolo olankhula za ziwalo zake koma osayankha mantha ake. Maziko a nkhaniyo anali imfa ya mkulu wake wa Metchnikoff uja wa ku Tula. Anthu awiri anayang'ana maliro amodzi, natengapo maphunziro osiyana. Tolstoy anati sayansi siingauze munthu m'mene ayenera kukhalira ndi kufera. Metchnikoff anati mkulu wake anafa msanga ndi nthenda imene nzeru za anthu zidzaigonjetsa tsiku lina, ndi kuti munthu wokhala moyo wautali ndi wathanzi adzalandira imfa monga wotopa alandira tulo. Mu 1909 anakacheza kwa Tolstoy ku Yasnaya Polyana tsiku lathunthu. Analandirana mwaulemu, nasiyana mwaulemu, koma palibe amene anakopa mnzake. Tolstoy anamwalira chaka chotsatira.

Pamene chiyembekezo chinapitirira umboni

Pa nkhani ya ukalamba Metchnikoff anathamanga kuposa umboni wake. Iye anakhulupirira kuti tizilombo ta m'matumbo aakulu titulutsa ululu umene ukalambitsa munthu, ndi kuti mkaka wowawasa, wonga chambiko, ungatigonjetse. Anamva kuti ku Bulgaria, kumene amwa mkaka wotere, kuli okalamba ambiri, ndipo mu 1905 wophunzira wa kumeneko, Stamen Grigorov, anapeza kachilombo kamene kawawasitsa mkakawo. Metchnikoff ankamwa mkakawo tsiku ndi tsiku, ndipo amalonda anagwiritsa dzina lake ntchito m'maiko ambiri. Ofufuza a masiku ano avomereza kuti tizilombo ta m'matumbo tikhudzadi thanzi ndi chitetezo cha thupi, koma palibe umboni wakuti chambiko chiletsa ukalamba. Iye mwini anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 15 July 1916, ali ndi zaka 71, nkhondo yaikulu ili m'kati. Phulusa la mtembo wake lisungidwa m'nyumba ya mabuku ya Institut Pasteur, monga anapempha.

Chimene anasiya

Maselo akudya aja lero adziwika kuti ndiwo ayamba kukumana ndi mdani, ndipo ena a iwo ndiwo aitana magulu ena a asilikali, amene akumbukira mdaniyo kwa zaka zambiri. Pa kukumbukira kumeneku ndi pamene katemera atsamira. Kachilombo ka HIV kaononga makamaka maselo a CD4, amene alamulira nkhondoyo, ndipo kachilombo ka chifuwa chachikulu kabisala m'kati mwa maselo akudya omwewo. N'chifukwa chake matenda awiriwa ayendera limodzi. Taifodi amene anatsala pang'ono kupha Olga ali ndi katemera amene ana a m'Malawi anayamba kulandira dziko lonse mu 2023. Mu 2019 dziko lino linali loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana pa sikelo, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma oyambirira.

Mbiri ya Metchnikoff nayo inasanduka buku. Mu 1926 Paul de Kruif analemba Microbe Hunters, lofotokoza moyo wa osaka tizilombo, ndipo mwa iwo muli Metchnikoff ndi David Bruce, amene anafufuza matenda a kaodzera m'Nyasaland kuyambira 1911. Mnyamata wina wa ku America, Albert Sabin, amene anali kuphunzira za mano, anawerenga bukulo nasintha njira. Iyeyu ndiye anakonza katemera wa poliyo wa madontho, amene alangizi a zaumoyo adonthezera m'kamwa mwa ana m'midzi ya kwa Chikweo.

Aphunzitsi ndi akulu a maphunziro angatolepo mfundo ziwiri. Buku la nthano lingapatse mwana funso limene adzalitsata moyo wake wonse, kotero nyumba ya mabuku pa sukulu isayesedwe chinthu chapambali. Koma yankho la funsolo lifuna kuyesa ndi kuona ndi maso, ndipo ngakhale mwini mphoto ya Nobel anaphonya pamene anakhulupirira chimene mtima wake unafuna asanachiyese mokwanira.