Colin Chapman, mkulu amene ankachotsa zitsulo pagalimoto kuti ithamange

Mukafunsa mtengo wa Vitz wamba kenako n'kufunsa wa Vitz RS kwa ogulitsa galimoto muno mu Lilongwe, mumva mitengo iwiri yosiyana, chonsecho thupi ndi lomwelija. Chimene mukulipira ndi injini ya malita 1.5, mashoko olimbirapo, mabuleki abwinoko ndi mipando yogwira m'nthiti pokhota. Bodi ndi ya galimoto yokagulira ndiwo kumsika, koma yakonzedwa poganizira amene wagwira chiwongolero. Mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa kaganizidwe kameneka ndi Mngelezi wina dzina lake Colin Chapman, mwini wa kampani ya Lotus, ndipo ine ndimaona kuti anyamata a ku Biwi akanamumvetsa msanga kuposa mabwana a m'maofesi.

Chapman anabadwa pa 19 May 1928 ku Richmond, kufupi ndi London. Anaphunzira za uinjiniya ku University College London, koma mu 1948 anachokako opanda digiri chifukwa masamu anamugwetsa. Anakalembanso n'kuitenga patapita chaka. (Ife amene sukulu inatithera panjira timaikonda mbali imeneyi, ngakhale mnzathuyu anabwererako.) Chaka chomwecho cha 1948 anatenga Austin Seven yakale, ya mu 1930, n'kuiphwasula m'galaja ya makolo a chibwenzi chake, Hazel Williams. Anaipepukitsa, naipatsa thupi latsopano, n'kukapikisana nayo. Mu 1952 anatsegula Lotus Engineering m'khola lakale la akavalo kuseri kwa hotela ya bambo ake ku Hornsey, ndipo Hazel ndiye anam'bwereka mapaundi 25 oyambira.

Mfundo yake inali imodzi basi. Injini yamphamvu imakuthandiza pamsewu wowongoka pokha, pamene galimoto yopepuka imafulumira ponyamuka, pokhota ndi poima pomwe. Iye anali atalowako usilikali wa ndege ku RAF komanso kugwira ntchito ku British Aluminium, ndiye kulemera ankadana nako ngati mmene amachitira okonza ndege. Lotus Seven ya mu 1957 inkalemera pafupifupi theka la tani, theka la Vitz yanuyo. Inalibe zitseko zenizeni, ndipo ambiri ankaigula zidutswazidutswa n'kukamanga okha kunyumba pozemba msonkho.

Imene imandisangalatsa ine ndi Lotus Cortina ya mu 1963, chifukwa ndiyo agogo ake a ma RS onsewa. Ford inali ndi Cortina, galimoto yabanja yopanda chodabwitsa, ndipo inapempha Chapman kuti aisandutse yampikisano. Iye anaikamo injini ya 1,558cc yotulutsa 105 horsepower, zitseko, boneti ndi chivundikiro cha buti anaika za aluminiyamu, anaitsitsa pang'ono, n'kusintha kamangidwe ka kumbuyo. Inkatuluka yoyera ndi mzere wobiriwira m'mbali. Jim Clark anawina nayo mpikisano wa galimoto zamtunduwu ku Britain mu 1964, ndipo zithunzi zake zimaonetsa tayala limodzi lakutsogolo lili m'malere pokhota. Tangoganizani, 105 horsepower yokha, mphamvu yosasiyana kwenikweni ndi ya Vitz RS ya lero.

Lotus Elan ya mu 1962 inali ya anthu awiri, thupi la fibreglass, yosafika makilogalamu 700. Mtundu wake womaliza, Elan Sprint ya mu 1971, unafika 126 horsepower. A ku Mazda atapanga MX-5 mu 1989, aliyense anaona kumene anaonera. Koma chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Elan sinali youma ngati ngolo. Chapman ankafuna chasisi cholimba koma masipuling'i ofewa, kuti matayala asasiyane ndi msewu ngakhale pamabampu.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anzanga ena a ku Area 25 ndi ku Kawale. Munthu wagula Swift Sport kapena RS ndi ndalama yovutikira, mawa lake wadula masipuling'i, waika marimu aakulu olemera, buti yonse wadzaza bokosi la masipika, pamwamba chiphiko cha pulasitiki. Chilichonse pamenepa chikuwonjezera kulemera kapena kuchotsa kugwira kwa matayala. Galimotoyo ikalowa msewu wafumbi wa ku Chinsapo nthawi ya dzinja, sampu ndiyo imayamba kulira, kenako thumba. Ndalama yomweyo ikanagula matayala anayi abwino ndi mashoko atsopano, woyendetsa akanamva kusintha pakona yoyamba.

Komatu tisamupange mngelo mkuluyu. Pa Formula One timu yake inatenga chikho cha opanga galimoto kasanu n'kawiri pakati pa 1963 ndi 1978, koma galimoto zake zinkadziwikanso ndi kuthyoka, chifukwa ankapepukitsa mpaka pamalire. Jim Clark, amene anawina mpikisano wake wa 25 ku Kyalami ku South Africa pa 1 January 1968, anafera mu Lotus ku Hockenheim pa 7 April chaka chomwecho, ndipo ambiri amati tayala ndilo linaphwa. Jochen Rindt anali atadandaulapo kwa Chapman za kufooka kwa galimotozi. Anafa ku Monza pa 5 September 1970 ali mu Lotus 72, ndipo ukatswiri wa dziko lonse wa chaka chimenecho anam'patsa ali kumanda. Kupepuka kwa pabwalo la mpikisano kunalipiridwa ndi anthu, ndiye wina asamve nkhaniyi n'kukachotsa malamba kapena tayala la sipeya.

Mapeto ake anali a ndalama. Lotus inagwira ntchito yokonza galimoto ya DeLorean, imene fakitale yake ku Belfast inamangidwa ndi ndalama za boma la Britain, ndipo mamiliyoni a mapaundi anasowa. Kafukufuku asanafike patali, Chapman anamwalira ndi matenda a mtima pa 16 December 1982 ali ndi zaka 54. Mu 1992 Fred Bushell, amene ankasunga chuma cha Lotus, anagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu, ndipo woweruza ananena poyera kuti Chapman akanakhala moyo akanalandira zaka zosachepera khumi.